Ndani akhale pati? Mmene boma limakonzera phwando ndi mwambo wolandira alendo

Kumapeto kwa September m'chaka cha 1661, anthu anafa mumsewu wina wa mumzinda wa London chifukwa cholimbirana malo a ngolo pamzere. Tsiku limenelo kunkafika kazembe watsopano wa dziko la Sweden, ndipo mwambo wa nthawiyo unali wakuti akazembe anzake atumize ngolo zawo zokokedwa ndi akavalo kuti zikamuperekeze polowa mumzinda. Kazembe wa France ankafuna kuti ngolo yake ndiyo itsatane ndi ya mlendoyo. Kazembe wa Spain nayenso ankafuna malo omwewo. Aliyense anatumiza anyamata ake atanyamula zida. A ku Spain anapha akavalo a anzawowo, ngolo ya France inangotsala chiimire, ndipo pomwe fumbi linkatsika n'kuti pali mitembo ndi ovulala. Nkhaniyi itamupeza Mfumu Louis XIV ku France, anathamangitsa kazembe wa Spain m'dziko lake n'kuopseza kuti achita nkhondo. Chaka chotsatira mfumu ya Spain, Philip IV, yemwe analinso mpongozi wa Louis, anachita kutumiza nthumwi kuti ikapepese pagulu.

Munthu wa lero akhoza kupukusa mutu n'kunena kuti akuluakuluwa ankafera zachibwana. Ine sindiona choncho. Kazembe sayenda ngati munthu wamba, amasenza dziko lake lonse. Ngolo yake ikatsalira m'mbuyo, oonerera samaona ngolo ayi, amaona dziko limene lagonjera linzake. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma pazochitika za boma atambala amakumana makumimakumi m'chipinda chimodzi, ndipo aliyense ayenera kutuluka ali wokhutira kuti sananyozeke. Ntchito yoonetsetsa kuti zimenezi zitheke ndi imene anthu a m'maofesi amaitcha protocol. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, kumene ankatanthauza pepala loyamba limene ankalimata pachikalata kuti lisonyeze za m'kati mwake. Cholinga cha ntchitoyi n'kuchotsa funso lakuti "wamkulu ndani pano?" m'manja mwa anthu amene ali pamwambopo, n'kulipereka kwa lamulo limene onse analivomereza asananyamuke kwawo.

Lamulo la tsiku ndi ola

Kwa zaka mazanamazana, mafumu a ku Ulaya ankakangana kuti ufumu wakale kwambiri ndi uti, wolemera ndi uti, woyamba kulandira Chikhristu ndi uti. Mkangano wotere ulibe mapeto, chifukwa aliyense amakhala ndi umboni wake. Yankho linapezeka ku Vienna mu 1815, pamsonkhano waukulu wokonzanso Ulaya pambuyo pa nkhondo za Napoleon. Anagwirizana kuti pakati pa akazembe a udindo wofanana, wotsogola ndi amene anayamba kufika pantchito m'dzikolo. Kukula kwa dziko, kuchuluka kwa asilikali ake ndi chuma chake sizikuwerengedwanso.

Mfundo imeneyi ndi imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Inalembedwanso m'pangano la mayiko lokhudza za ukazembe, limene linasainidwa ku Vienna komweko mu 1961. Panganoli limagawa oimira mayiko m'magulu atatu, ndipo limati m'gulu lililonse anthu atsatane malinga ndi tsiku ndi nthawi imene anayamba ntchito. Taonani kuti likutchula nthawi, osati tsiku lokha. Akazembe anayi akapereka makalata otsimikizira udindo wawo kwa mtsogoleri wa dziko m'mawa umodzi, wolowa 10 koloko adzakhala patsogolo pa wolowa 11 koloko pamwambo uliwonse, mpaka mmodzi wa iwo adzasamuke. Kazembe amene wakhalitsa kuposa onse amakhala mkulu wa akazembe, ndipo ndi amene amawalankhulira pamiyambo ya boma, ngakhale dziko lake litakhala kachilumba kakang'ono. Panganoli limalolanso mayiko amene akufuna kutero, makamaka kumene Akatolika ndi ambiri, kupereka ulemu umenewu kwa nthumwi ya Papa posatengera tsiku limene inafika.

Mwambo wopereka makalata uja uli ndi njira yake. Dziko lisanatumize kazembe, limayamba lafunsa mwakachetechete ngati munthuyo alandiridwa, ndipo dziko lolandiralo likhoza kukana popanda kunena chifukwa. Akavomerezedwa, amabwera ndi kalata yosainidwa ndi mtsogoleri wa dziko lake, yolembera mtsogoleri wa dziko limene wapitako. Ku London, mpaka lero kazembe watsopano amakamutenga pangolo yachifumu kupita naye kunyumba yachifumu ya Buckingham Palace.

Pamene palibe tsiku loti n'kuwerengera, amagwiritsa ntchito zilembo za afabeti. Ku msonkhano waukulu wa United Nations ku New York, chaka chilichonse amachita maere kuti apeze dziko limene likhale pampando woyamba, ndipo ena onse amatsatira pamenepo malinga ndi mayina awo m'Chingerezi. Motero palibe dziko limene limakhala kutsogolo kapena kumbuyo muyaya. Posaina pangano pakati pa mayiko awiri, amakonza makope awiri, ndipo m'kope limene dziko lililonse litenge kwawo, dzina lake ndi limene limayamba kutchulidwa. Zonsezi ndi njira zopewera kuti munthu wina aimirire n'kugamula kuti uyu aposa uyu.

M'kati mwa dziko namonso mumakhala mndandanda wake wa maudindo: mtsogoleri wa dziko, womutsatira, mkulu wa nyumba ya malamulo, mkulu wa makhothi, atsogoleri opuma, nduna, akuluakulu a asilikali ndi ena. Katsatanidwe kake kamasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo ndi imodzi: ulemu ukupita ku udindo, osati kwa munthuyo. Wokonza mwambo akatsatira mndandanda, amakhala ndi poyankhira wina akadandaula. Akangoyamba kusuntha mipando chifukwa chakuti uyu ndi mnzake wa bwana, watsegula khomo limene sadzathanso kulitseka.

Maulendo sali ofanana

Mtsogoleri akapita kudziko lina, chinthu choyamba chimene maofesi awiri amagwirizana ndi mtundu wa ulendowo, pakuti zina zonse zimachokera pamenepo. Wapamwamba kwambiri ndi ulendo umene mtsogoleri wa dziko waitana mtsogoleri mnzake m'dzina la dziko lonse. Umenewu umakhala ndi zonse: perete wa asilikali, mizinga, kuika nkhata ya maluwa pachipilala cha chikumbutso, phwando lalikulu la usiku, ndipo nthawi zina kulankhula m'nyumba ya malamulo. Maulendo otere sachitika wambawamba. Dziko la Britain, mwachitsanzo, kawirikawiri limalandira alendo otere mmodzi kapena awiri pachaka. Pansi pake pali ulendo wa boma wopanda zina mwa zokometserazi, umene nduna yaikulu ikhozanso kuchita. Kenako pali ulendo wantchito, wongofika, kukambirana n'kubwerera, komanso ulendo wa munthu payekha, umene boma lolandira limangopereka chitetezo ndi ulemu wochepa.

Kusiyanitsa kumeneku ndi chilankhulo chapadera. Dziko likafuna kuuza linzake kuti "ndinu abwenzi athu enieni", limaitana pa ulendo wapamwamba. Likafuna kukambirana koma osaonetsa chikondi chambiri pamaso pa anthu, limati tibwere tigwire ntchito. Mtundu wa ulendo ndi umenenso umanena kuti alipire ndani. Pa ulendo wapamwamba, wolandira amasamalira mlendo ndi anthu ake owerengeka, ndipo otsalawo amadzilipirira okha. Mayiko ena ali ndi nyumba yapadera ya alendo otere, monga Blair House ku Washington, imene boma la America linagula mu 1942 ndipo ili pafupi ndi White House, nyumba ya pulezidenti wa dzikolo.

Milungu ingapo mlendo asanafike, kumabwera gulu lotsogola lochokera kwawo: a protocol, achitetezo, azofalitsa nkhani, nthawi zina ndi dokotala. Iwowa amayenda ndi anzawo a dziko lolandira m'njira yonse imene mlendo adzadutse. Amawerenga masitepe, amayeza nthawi yochoka pabwalo la ndege kukafika kogona, amaona khomo limene galimoto idzaime ndi mbali imene chitseko chidzatsegulidwe kuti mlendo adzatsikire pakapeti yofiira osati kuseri. Amafunsa za chipatala chapafupi. Zikatha izi amalemba ndondomeko ya mphindi ndi mphindi, yonena amene aime pati, ayende liti, apereke moni kwa ndani. Kenako amayeserera mwambo wonse, antchito ena atavala mapepala olembedwa maudindo a akuluakuluwo.

Kanthu kamodzi kakaiwalika, dziko lonse limakaona. Mu May 1991, Mfumukazi Elizabeth II atafika ku White House, analankhulira pagome limene linakonzedwa molingana ndi msinkhu wa Pulezidenti George H. W. Bush, munthu wamtali. Kopondera kanalipo koma sikanatulutsidwe, ndipo makamera anangojambula chipewa cha mfumukaziyo pamwamba pa zolankhulira. Palibe amene anafuna kumunyoza, komabe chithunzi chimenecho ndicho anthu ambiri amakumbukira pa ulendo wonsewo.

Mizinga, mbendera ndi nyimbo

Kuomba mizinga kunayambira panyanja. Sitima yankhondo ikamalowa padoko lachilendo inkaomba mizinga yake kuti itsale yopanda zipolopolo, ndipo popeza kudzazanso kunkatenga nthawi, chimenecho chinali chizindikiro chakuti yabwera mwamtendere. Lero mtsogoleri wa dziko amamuombera ka 21, ndipo m'mayiko ambiri nduna yaikulu, imene imatsogolera boma koma si mutu wa dziko, amaiombera ka 19. Ku London amaonjezera 20 ngati akuombera m'paki yachifumu, n'kukwana 41. Odziwa amawerenga kulira kulikonse.

Mlendo amayenda kudzanja lamanja la womulandira, popeza ndiko kumbali yaulemu, ndipo poyendera perete amakhala kufupi ndi asilikali. Nyimbo ya fuko la mlendo kawirikawiri ndiyo imayamba. Gulu loimba limatumiziridwa nyimboyo kudakali nthawi, ndipo a ku ofesi ya kazembe amabwera kudzamvetsera ngati ikuimbidwa molondola, chifukwa mayiko amasintha nyimbo zawo ndipo yakale ikhoza kukhala ya boma limene anthu ake analichotsa ndi mwazi. Mbendera za mayiko ziyenera kukhala zofanana kukula, pamitengo yofanana kutalika, ndipo ya dziko lina siikidwa pamwamba pa inzake.

Apa mpamene zolakwika zimawawa kwambiri, chifukwa zimakhudza mtima wa anthu wamba amene akuonera kwawo. Mu April 2006, pamwambo wolandira Pulezidenti Hu Jintao wa China pabwalo la White House, wolengeza anatchula dzikolo kuti "Republic of China". Limeneli ndi dzina la boma la Taiwan, chilumba chimene boma la China limati ndi mbali ya dziko lake. Liwu limodzi lokha ndi limene linasowa m'dzina lenileni la China, lakuti "People's Republic of China", koma linagwera pabala penipeni. Mu September 2010, pamsonkhano wa Pulezidenti Barack Obama ndi atsogoleri a mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia ku New York, mbendera ya Philippines inaikidwa chadodolido, mbali yofiira ili pamwamba. Kwa eni ake, mbendera ikaikidwa motero imatanthauza kuti dziko lili pankhondo. Boma la America linanena kuti kunali kulakwitsa chabe, ndipo n'zoona, koma munthu mmodzi wa ku ofesi ya kazembe akanaitanidwa kudzaona chipindacho m'mawa, akanazindikira nthawi yomweyo.

Mpando umalankhula

Palibe mbali ya ntchitoyi imene imadya nthawi ndi maganizo ngati kukonza malo okhala. Mu April 2021 ku Ankara, Pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan wa Turkey analandira akuluakulu awiri a European Union, Charles Michel ndi Ursula von der Leyen. Patsogolo pa mbendera panali mipando iwiri yokha. Amuna awiriwo anakhalapo, ndipo mayiyo anaima kanthawi asanakakhale pasofa chapatali. Dziko la Turkey linati linatsatira zimene a protocol a mbali inayo anavomereza. Von der Leyen anadzanena pamaso pa nyumba ya malamulo ya European Union kuti anamva kuwawa, ndipo akukhulupirira kuti zinachitika chifukwa ndi mkazi. Zimene anakambirana tsiku limenelo ndi ochepa amene angazikumbuke, koma za sofa zinamveka dziko lonse. Ine ndimaona kuti vuto linayamba anthuwa asanalowe m'chipindamo. Funso lakuti mipando ikhale ingati linayenera kuthetsedwa dzulo lake ndi antchito, kuti atsogoleri asakumane nalo makamera ali m'maso.

Nthawi zina tebulo lenilenilo ndilo nkhani. Chakumapeto kwa 1968, zokambirana za ku Paris zofuna kuthetsa nkhondo ya ku Vietnam zinaima kwa milungu yambiri chifukwa cha kaumbidwe ka tebulo. Tebulo la mbali zinayi likanasonyeza kuti gulu la zigawenga la kumwera ndi lofanana ndi boma la South Vietnam la ku Saigon, chinthu chimene bomalo linkakana. Tebulo la mbali ziwiri likanasonyeza kuti gululo ndi mthunzi chabe wa boma la North Vietnam la ku Hanoi. Mu January 1969 anagwirizana za tebulo lozungulira, lokhala ndi timatebulo tiwiri m'mbali, kuti aliyense athe kunena kwawo kuti mawonekedwewo akugwirizana ndi maganizo ake. Pa nthawi yonseyo anthu ankafa kunkhondo, ndipo zimenezi zimapweteka kuziganizira. Koma chimene ankalimbirana chinali funso lenileni la nkhondoyo, lakuti boma lovomerezeka ndi liti.

Paphwando la usiku malamulo ake ndi odziwika. Mlendo wamkulu amakhala kudzanja lamanja la mwini phwando, wachiwiri kumanzere, ndipo ena amatalikira pang'onopang'ono malinga ndi udindo. Pali kakhalidwe kachifalansa, kamene eni phwando amakhala pakati pa tebulo moyang'anizana, ndi kachingerezi, kamene amakhala kumapeto. Mkazi kapena mwamuna wa munthu waudindo amalandira ulemu wolingana ndi wa mnzakeyo, koma nthawi zambiri sawakhazika pamodzi, kuti aliyense acheze ndi anthu atsopano. Alendo ndi eni dziko amasakanizidwa. Pamwamba pa malamulowa, wokonza ayenera kudziwa zinthu zimene sizilembedwa: akazembe a mayiko amene sakuonana ndi diso labwino asayang'anizane, munthu wosamva chilankhulo asakhale pakati pa anthu amene sangalankhule naye, wokalamba asakhale kutali ndi khomo. Womasulira amakhala kumbuyo pang'ono, pakati pa atsogoleri awiri, ndipo kawirikawiri sadya nawo, chifukwa pakamwa pake pakugwira ntchito usiku wonse.

Kunyumba yachifumu ya Windsor Castle ku Britain, tebulo la m'holo ya St George ndi lalitali pafupifupi mamita 50 ndipo pamakhala anthu okwana 160. Kuyala kwake kumatenga masiku, ndipo antchito amayeza ndi ndodo mpata wa pakati pa mbale ndi mbale. Tsono taganizirani kuti ola limodzi phwando lisanayambe, nduna imodzi yatumiza uthenga kuti sibwera. Mpando wake sungasiyidwe wopanda munthu pafupi ndi mlendo wamkulu, ndipo aliyense wa pansi pake ayenera kusunthira m'mwamba. Makadi a mayina amasinthidwa, mapu a tebulo amalembedwanso. Ichi n'chifukwa chake kalata yoitanira imakhala ndi zilembo zija za RSVP, zochokera ku mawu achifalansa opempha kuti woitanidwa ayankhe, ndiponso chifukwa chake siipatsirana. Waitanidwa ndi munthuyo chifukwa cha udindo wake, ndipo sangangotumiza m'bale wake.

Pakhomo pamafunika anthu awiri osiyana: wachitetezo amene amafufuza zida, ndi wa ofesi yoitana amene amadziwa mndandanda ndi nkhope. Mu November 2009, paphwando limene White House inakonzera nduna yaikulu ya India, Manmohan Singh, banja lina losaitanidwa linadutsa zipata zonse mpaka kukagwirana chanza ndi pulezidenti. Anavala bwino, anayenda molimba mtima, ndipo anawadutsitsa ngakhale mayina awo sanali pamndandanda.

Chakudya ndi mawu

Zakudya za paphwando la boma zimasankhidwa ndi zolinga ziwiri zimene nthawi zina zimakokana: kuonetsa zabwino za dziko lolandira, ndi kusamupatsa mlendo chimene sangadye. Gulu lotsogola lija limabweretsa mndandanda wa zimene mtsogoleri wawo sadya chifukwa cha chipembedzo, matenda kapena kusakonda chabe. Ophika amapewanso zakudya zovuta kudya mwaulemu, zodontha kapena zaminga, popeza munthu akudya uku akukambirana za dziko. Mbale ziyenera kufika kwa anthu onse nthawi imodzi, zikadali zotentha, ndipo phwando lonse liyenera kutha pa nthawi yolembedwa.

Zikakanika kugwirizana, phwando limatha kulephereka. Mu January 2016, Pulezidenti Hassan Rouhani wa Iran atapita ku France, zinamveka kuti chakudya chimene akanadyera limodzi ndi Pulezidenti François Hollande sichinachitike chifukwa a ku Iran anapempha kuti patebulo pasakhale vinyo, ndipo a ku France sanalole kusiya mwambo wawo. Atsogoleriwo anakumanabe n'kukambirana, koma popanda kudyera pamodzi. Masiku angapo m'mbuyo mwake, ku Rome anaphimba ziboliboli zamaliseche m'nyumba yosungira zakale imene iye anafikako, ndipo anthu ambiri a ku Italy anakwiya kuti boma lawo lachita manyazi ndi chuma cha makolo awo. Mayiko awiri oyandikana anayankha funso limodzi mosiyana, ndipo funsolo ndi lovuta ndithu: polemekeza mlendo, mwini nyumba asiye zake mpaka pati? Kwa ine, chimene mlendo adye ndi kumwa chiyenera kutsatira chikumbumtima chake kotheratu, koma nyumba ikhale mmene eni ake amaikhalira.

Pakati pa phwando, mwini nyumba amaimirira n'kulankhula mwachidule, kenako n'kukweza tambula pofunira zabwino mlendo ndi dziko lake. Mlendo amayankha chimodzimodzi. Mawuwa amalembedwa kale, ndipo nthawi zambiri mbali ziwirizo zimaonetsana zimene zidzanenedwe, kuti pasakhale wodzidzimutsidwa pamaso pa anthu. Si malo okanganira. Mphatso nazo zimakambidwa pasadakhale kuti zikhale zolingana, ndipo m'mayiko ambiri sizikhala za mtsogoleriyo. Ku America, lamulo la mu 1966 limati mphatso yochokera kuboma lachilendo ikapitirira mtengo wochepa woikika, imakhala katundu wa boma.

Tisaiwale kuti amene akulandiridwawo ndi anthu okhala ndi thupi. Amafika atayenda maola ambiri m'ndege, tulo tasokonekera, ndipo ndondomeko imawayendetsa kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Mu January 1992, Pulezidenti Bush anadwala mwadzidzidzi n'kukomoka ali patebulo paphwando limene nduna yaikulu ya Japan, Kiichi Miyazawa, inamukonzera ku Tokyo. Wokonza ndondomeko wanzeru amasiya mpata woti mlendo apume, ngakhale maunduna onse akupempha kuti aonane naye.

Akabwera onse nthawi imodzi

Kulandira mtsogoleri mmodzi n'kovuta, koma maliro a mtsogoleri kapena kulumbiritsa watsopano kumabweretsa ambirimbiri tsiku limodzi, ndipo pamaliro nthawi yokonzekera imakhala masiku ochepa. Pamaliro a Mfumukazi Elizabeth II pa 19 September 2022, mu Westminster Abbey munalowa anthu pafupifupi 2,000. Mdipiti wa galimoto wa mtsogoleri aliyense sukanakwana m'misewu ya London, choncho mafumu ndi mapulezidenti ambiri anawakweza mabasi, ndipo ochepa okha, monga Pulezidenti Joe Biden, ndi amene analoledwa kubwera pagalimoto zawo pazifukwa zachitetezo. M'tchalitchimo, atsogoleri a mayiko a Commonwealth anakhala patsogolo pa pulezidenti wa America. Pamaliro a Papa Francis pa 26 April 2025, malo oyamba anapita kwa Argentina, kwawo kwa malemuyo, ndi Italy. Kenako kunabwera mafumu, ndiyeno mapulezidenti, motsatira afabeti ya Chifalansa, chilankhulo chakale cha ukazembe. Pamiyambo iwiri yonseyi, lamulo lodziwikiratu ndi limene linachititsa kuti anthu amphamvu akhale pamene auzidwa popanda kunyinyirika.

Nanga ndalama?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo okonza miyambo sayenera kulithawa. Ndalama zake ndi za msonkho. Phwando limene France inakonzera Mfumu Charles III ku Versailles mu September 2023 linadya pafupifupi mayuro 475,000, ndipo tikudziwa zimenezi chifukwa bungwe lofufuza za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma m'dzikolo linaziika poyera. Anthu anadandaula, ndipo anali ndi ufulu wotero. Chimene ndimayamikira pankhaniyi n'chakuti chiwerengerocho chinatuluka. Phwando la boma likhoza kutsegula zitseko za malonda ndi mtendere zimene makalata sangatsegule, koma phindu limenelo silipimika mosavuta, ndipo kumene zinthu sizipimika n'kumene kusakaza kumabisala. Mndandanda wa alendo ukamatupa ndi anthu amene alibe chochita ndi ulendowo, mwambo ukamachitidwa kuti mwini nyumba aoneke wamkulu osati kuti mlendo alemekezeke, ntchitoyi yasochera. Zinthu zimene zimapweteka alendo, monga taonera, ndi mpando wosowa, dzina lolakwika ndi mbendera yozondoka. Kukonza zimenezi kumafuna chidwi ndi kufunsa, osati chuma chambiri.

Pali chinthu chinanso chimene mwambo wokonzedwa bwino umachita, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa zonse. Popeza aliyense amadziwa chimene chiyenera kuchitika, kanthu kakang'ono koonjezera kamamveka kwambiri. Pa 7 December 1970 ku Warsaw m'dziko la Poland, mtsogoleri wa boma la West Germany, Willy Brandt, anapita kukaika nkhata ya maluwa pachipilala chokumbukira Ayuda amene anaukira asilikali a Nazi mu 1943. Ndondomeko inkafuna kuti aike nkhata, aweramitse mutu, abwerere. Iye anagwada pansi, n'kukhala chete kwa kanthawi. Munthuyu anali atathawa ulamuliro wa Hitler n'kumalimbana nawo ali kunja, koma anagwada m'malo mwa dziko lake.

Mu May 2011, Mfumukazi Elizabeth II anapita ku Ireland, ulendo woyamba wa mfumu ya Britain chilandirire dzikolo ufulu wodzilamulira. Chilichonse chinakonzedwa mosamala kwambiri, popeza mabala a mbiri ya mayiko awiriwa ndi akuya. Anatsika ndege atavala zobiriwira, mtundu umene anthu a ku Ireland amadziwika nawo. Ku Dublin anaika nkhata m'munda wokumbukira anthu amene anafa pomenyana ndi ulamuliro wa Britain, n'kuweramitsa mutu. Paphwando la ku Dublin Castle, nyumba imene Britain inkalamuliramo Ireland kwa zaka mazanamazana, anaimirira kuti alankhule, ndipo mawu ake oyamba, opereka moni kwa pulezidenti ndi abwenzi, anawanena m'chilankhulo cha Chiairishi. Pulezidenti Mary McAleese, amene anakhala pambali pake, anaoneka akutsegula pakamwa modabwa, ndipo anthu m'holomo anayamba kuomba m'manja mfumukaziyo isanapitirize.